Chiwongolero M'manja mwa Mayi Kudziko la Eni

Amayi anzanga, a m'tauni ndi a m'midzi omwe, ine ndikukhala kuno ku Mangalande ndi bambo a kunyumba pamodzi ndi ana athu atatu. Lero ndati ndicheze nanu za kapepala kamodzi kamene kamasowetsa tulo amayi ambiri a kwathu okhala kuno, ndiko chiphaso choyendetsera galimoto, chimene ambiri timangoti laisensi. Mwina wina amene ali pamtondo afunsa kuti, "Nanga za magalimoto zikutikhudza bwanji ife oyenda pansi?" Zikukukhudzani ndithu, pakuti masiku ano ndi mabanja ambiri amene ali ndi mwana wamkazi, mng'ono, mlamu kapena mpongozi amene adakwera ndege kukafuna ntchito kunja. Ndalama za feteleza ndi za fizi zimene amakutumizirani zija zimadalira kwambiri m'mene iye amayendera popita ku ntchito yake.

Kwathu munthu akagula galimoto timati walemera, ndipo anthu amatuluka m'nyumba kudzaiona. Kuno galimoto ndi khasu basi. Amayi ambiri a kwathu amagwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala m'makomo mwawo momwemo, monga kuwasambitsa, kuwaveka, kuwaphikira ndi kuwamwetsa mankhwala pa nthawi yake. Pa tsiku limodzi mayi angathe kuyendera makomo 8 kapena 10 otalikirana, ndipo khomo lililonse lili ndi ola lake. Gogo wodwala shuga sangadikire chakudya chifukwa choti basi yachedwa. M'mwezi wa Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa, ndipo mayi amaima yekhayekha pa siteji mumdima, manja atauma gwa. Olemba ntchito nawonso amayamba afunsa kuti, "Kodi mumayendetsa?" Woyendetsa ndiye amapatsidwa maola ambiri, ndipo kuno maola ndiwo malipiro.

Ine ndidafika kuno m'chaka cha 2016 kutsatira amuna anga amene amagwira ntchito ya unamwino m'chipatala china kufupi ndi mzinda wa Leeds. Sukulu ndidalekeza Sitandade 8, ndipo chinthu chokha cha matayala chimene ndidayendetsapo kwathu ndi njinga yakapalasa yopitira kuchigayo. Zaka 6 zathunthu ndidayenda pa basi, ku ntchito, ku msika ndi ku sukulu ya ana. Pakhomo galimoto idalipo, koma tonse tinkaiona ngati chinthu cha bambo, monga m'mene nkhwangwa ndi uta zimakhalira kumudzi.

M'chaka cha 2018 ndidasonkhanitsa amayi anzanga olankhula Chichewa a m'dera lathu lino, ena a ku Malawi, ena a ku Chipata m'dziko la Zambia, enanso obadwira ku Harare ndi ku Bulawayo amene makolo awo adapita kumeneko kalekale kukagwira ntchito. Timakumana Loweruka loyamba la mwezi uliwonse. Poyamba tinkangochita chipereganyu ndi kuthandizana pa matenda, pa chikuta ndi pa maliro. Mu Febuluwale 2022 boma la Britain lidatsegula khomo loti anthu akunja azibwera kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo amayi atsopano adachuluka pakati pathu. Khomo limenelo lidatsekedwanso mu Julaye 2025 kwa ofunsira ntchitoyo ali kunja, koma amene adalowa ali kuno ndithu. Pa msonkhano uliwonse dandaulo lidali limodzimodzi, la laisensi. Tsono tidagwirizana kuti mutu umodzi susenza denga, tiyeni nkhaniyi tiisenzere pamodzi.

Choyamba chimene tidachita ndi kufunsa bwino za malamulo, pakuti safunsa adadya phula. Malamulo amene ndinene pano ndi a ku England, Scotland ndi Wales. Munthu wobwera ndi laisensi yathunthu ya kwawo amaloledwa kuyendetsa galimoto yaing'ono kwa miyezi 12 yokha kuchokera pamene wakhazikika m'dziko muno. Miyeziyo ikatha, zonse zimadalira dziko limene lidapereka laisensiyo. Pali mndandanda wa maiko amene laisensi zawo zimangosinthidwa ndi ya kuno popanda mayeso, malinga munthu atero zisanathe zaka 5. South Africa ndi Zimbabwe ali pa mndandandawo, koma Malawi ndi Zambia palibe. Motero mnzathu wina wa ku Harare adangotumiza laisensi yake ku ofesi ya DVLA mumzinda wa Swansea, nalandira ya kuno ali pakhomo, pamene mayi wina wa ku Lilongwe amene adayendetsa galimoto zaka 10 kwathu adayenera kuyambanso ngati mwana wa sukulu. Zidamuwawa mumtima, koma lamulo la eni dziko silimva madandaulo a mlendo.

Apa ndipo pali mbuna imene ambiri amagweramo. Miyezi 12 ikatha, kapepala ka kwathu kaja kamaonekabe katsopano m'chikwama, ndipo wina amakunong'oneza kuti, "Ingoyendetsani, ndani adziwe?" Ena amati chiphaso chija chotchedwa cha maiko onse chimawonjezera nthawi, koma sichitero ayi. Woyendetsa nthawiyo itatha ndiye kuti akuyendetsa wopanda laisensi yovomerezeka, ndipo akachita ngozi a inshuwalansi angathe kumukana. Apolisi ali ndi mphamvu yolanda galimotoyo pompo. Choopsa kwambiri kwa ife alendo n'chakuti mlandu wa kukhoti umayenera kuululidwa pofunsira kuwonjezera masiku okhala m'dziko muno. Tsono taganizani, mayi wasiya ana kumudzi, wagulitsa munda kuti apeze ya ndege, kenaka aike zonsezo pa chiswe chifukwa chofuna kufupikitsa njira. M'gulu mwathu tidaika lamulo lakuti mayi aliyense watsopano tizimufunsa tsiku limene adafika, ndipo tizimuwerengera miyezi yake m'kope la mlembi.

Ulendo wa laisensi umayamba ndi chiphaso cha wophunzira, chimene chimachokera ku DVLA komweko. M'chaka cha 2022, pamene ine ndinkayamba, mtengo wake udali £34 pofunsira pa intaneti. Chiphasochi chimakulola kukhala pa chiwongolero pokhapokha galimoto itamatidwa chilembo chofiira cha L kutsogolo ndi kumbuyo, ndiponso pambali pako patakhala munthu wa zaka zoposa 21 amene wakhala ndi laisensi yathunthu kwa zaka 3. Kuti uloledwe kulowa mayeso uyenera kukhala utatha masiku 185 m'dziko muno pa miyezi 12 yapitayo.

Koma ine ndisanafike ngakhale pamenepo padali phiri lina la m'nyumba. Nditawauza amuna anga maganizo angawo, adayamba akhala chete, kenaka adati, "Mayi, ndalama zimenezi bwanji tikamalizire nyumba kumudzi? Kulikonse kumene mukufuna kupita ine ndimakuperekezani." Sindidakangane nawo, pakuti nkhani ya m'banja siipsa ndi moto waukulu. Patapita miyezi iwiri iwo adachitidwa opaleshoni ya bondo, ndipo adakhala milungu 6 osayendetsa. Galimoto idangoti phee pabwalo, makiyi ali pa msomali, ine ndikusenza matumba a ufa ndi mafuta kuchokera ku siteji, mvula ikundikwapula. Kuchipatala kokaonetsa bondolo tinkapita pa takisi yodula. Tsiku lina madzulo ndikuwapatsa madzi osamba m'manja adati, "Mayi, ija nkhani mudanena ija, kayambeni. Ndaona kuti nyumba ya dalaivala mmodzi ndi nyumba ya mwendo umodzi." Ndidangoti, "Zikomo bambo," osawonjezerapo kanthu.

Mayeso oyamba ndi a pa kompyuta, ndipo ndiwo amene ndinkawaopa koposa. Adayamba m'chaka cha 1996, ndipo mu 2022 ankalipitsa £23. Muli mafunso 50 osankha yankho, nthawi yake mphindi 57, ndipo uyenera kukhoza 43. Ukatero amakuonetsa timafilimu 14 tojambulidwa ngati kuti iweyo ndiwe uli pa chiwongolero, ndipo umadina batani ukangoona chinthu chimene chingadzetse ngozi, monga mwana wothamangira mpira kapena galimoto yotulukira m'kanjira. Pamenepa pamafunika mamalikisi 44 mwa 75. Zigawo ziwirizi uyenera kuzikhoza tsiku limodzi. Kale ankalola womasulira, koma kuyambira mu Epulo 2014 mayeso onse amachitika m'Chingerezi kapena m'chinenero cha ku Wales basi.

Kwa mayi wa Sitandade 8 ngati ine, Chingerezi cha m'buku la malamulo a pamsewu, lotchedwa Highway Code, chidali ngati nsima ya dzulo, yofuna kutafuna mofatsa. Tidayamba kukumana Lachitatu lililonse madzulo pa tebulo la m'khichini mwanga, amayi asanu kapena asanu ndi mmodzi, tiyi ali pamoto. Mwana wanga wamkazi wachisamba ankawerenga funso, ife n'kulitembenuzira m'Chichewa mpaka aliyense atamvetsa, kenaka n'kubwereranso ku Chingerezi kuti mawuwo akhazikike m'mutu. Tidaseka kwabasi titamva kuti malo owolokerapo anthu pamsewu ali ndi maina a nyama ndi mbalame. Pali zebra, ndiye mbidzi, chifukwa cha mizere yake yoyera ndi yakuda, pali pelican, ndiye vuwo, palinso puffin ndi toucan, ndipo pa toucan okwera njinga amawoloka limodzi ndi oyenda pansi. Mayi wina wa ku Dedza adati, "Anthu awa adasowa nyama m'tchire, tsono adaziika mumsewu."

Manambala ndiwo tinkawaloweza ngati ana a sukulu. Kuno liwiro amaliyeza ndi mamailosi. M'misewu yambiri ya m'tauni malire ndi mamailosi 30 pa ola, ndiwo makilomita 48, ndipo m'madera ena, makamaka ku Wales kuyambira 2023, ndi 20. M'misewu ikuluikulu ija ya motorway malire ndi 70, ndiwo makilomita 112. Galimoto yothamanga mamailosi 30 imafuna mamita 23 kuti iime, yothamanga 70 imafuna mamita 96. Msewu ukanyowa mtundawo umawirikiza kawiri, ndipo madzi akaundana pamsewu ungathe kuwirikiza kakhumi. Chinthu china chimene chidandipulumutsa, ndipo ndikufuna amayi onse achidziwe, n'chakuti munthu amene amavutika kuwerenga angathe kupempha polembetsa kuti mafunso aziwamva m'makutu kudzera m'timahedifoni. Ambiri a ife Chingerezi timachimva bwino ndi khutu kusiyana ndi maso. Ndidakhoza mayesowo nditaphunzira miyezi 5, ndipo tsikulo ndidaphika mpunga ndi nkhuku ngati Khirisimasi.

Pa nthawi yomweyo mayi wina wa m'gulu mwathu, amene adalephera mayesowa kawiri, adabwera kwa ine usiku nati pali munthu amene wamulonjeza kuti amupezera mkazi wofanana naye nkhope kuti akamulembere, malinga alipire mapaundi mazana angapo. Ndidamukhazika pansi ndi kumuuza kuti, "Achemwali, kumeneko amayang'ana nkhope ndi chithunzi, ndipo anthu amangidwapo kale chifukwa cha zimenezi, wolemba ndi wolembetsa yemwe. Komanso tinene kuti simudagwidwe. Tsiku limene mudzakumane ndi chikwangwani chimene simukuchidziwa, ana anu ali kumbuyo, mkazi ameneyo adzakhala kuti?" Adalira, koma adabwerera pa tebulo lathu lija, ndipo kachitatu adakhoza ndi mutu wake.

Kuphunzira kuyendetsa kwenikweniko ndiko kumadya ndalama. Lamulo limati munthu wolandira malipiro pophunzitsa ayenera kukhala wovomerezedwa ndi bungwe la boma la DVSA, lomwenso limayendetsa mayeso. Wovomerezeka amaika kakhadi kobiriwira pa galasi lakutsogolo, ndipo amene akali kuphunzira ntchitoyo amaika kapinki. Wopanda kakhadi, ngakhale atchipitse chotani, mupeweni. Wanga ankandilipitsa £35 pa ola, ndipo eni ake amati munthu wongoyamba kumene amafuna maola pafupifupi 45 ndi mphunzitsi, kuwonjezera pa kuyeserera kwa padera. Mukawerengetsa muona kuti ndi ndalama zoposa £1,500. Apa ndipo chipereganyu chathu chidagwira ntchito. Tidagwirizana kuti mayi amene wakhoza mayeso a pa kompyuta ndiye azilandira msanga, chifukwa chiphaso cha mayeso amenewo chimatha mphamvu pakapita zaka 2, ndipo ukachedwa umayambiranso pachiyambi.

Ena amafuna kupulumutsa ndalama pophunzitsidwa ndi amuna awo. Sindikuletsa, koma ndaona maanja angapo akubwerako kophunzira atatupa, nsima n'kugona m'mbale osadyedwa. Bambo amene adazolowera kuyendetsa amaiwala kuti nayenso adayamba wazimitsapo injini pakati pa msewu, ndipo mayi akakalipiridwa miyendo imanjenjemera. Ife tidapangana kuti mphunzitsi ndiye aziphunzitsa, ndipo bambo azingokhala pambali Lamulungu masana pamene ndikubwereza zimene ndaphunzira, titalipiriratu inshuwalansi ya wophunzira. Ndidawapempha mwaulemu kuti akaona cholakwika azindiuza galimoto itaima. Adasunga pangano, ngakhale nthawi zina ndinkawaona akuponda buleki imene kumbali kwawoko kulibe.

Palinso nkhani yosankha mtundu wa galimoto. Ukakhoza mayeso pa galimoto ya magiya osintha ndi dzanja, laisensi yako imakulola kuyendetsa mitundu yonse iwiri. Ukakhoza pa ya otomatiki, umaloledwa ya otomatiki yokhayo. Amayi ambiri achikulire m'gulu mwathu adasankha otomatiki chifukwa phazi lamanzere limapuma ndipo maganizo onse amakhala pa msewu. Ine ndidasankha ya magiya chifukwa ndiyo idali pakhomo, ndiponso ndinkaganiza za tsiku limene ndidzabwerere kwathu n'kufuna kuyendetsa kalole konyamula chimanga.

Mwayi umodzi umene tili nawo ndi wakuti kuno amayendetsa kumanzere monga kwathu. Koma raundabauti za kuno n'zina. Ina imakhala ndi njira zisanu kapena zisanu ndi imodzi, mizere itatu, maloboti pakati pomwe, ndipo uyenera kudziwiratu mzere wako usanalowe. Ina ndi kadontho koyera chabe kopakidwa pamsewu, koma lamulo lake ndi lomwelo, lopatsa mpata wochokera kumanja. Mphunzitsi wanga ankabwereza mawu amodzimodzi tsiku ndi tsiku, akuti galasi poyamba, chizindikiro pambuyo, kenaka n'kukhota. Adandiphunzitsanso kuti kuyambira mu Januwale 2022 woyendetsa amene akukhotera mumsewu wina ayenera kupatsa mpata munthu wapansi amene akudikira kuwoloka pamenepo. Lamulo limeneli lidandikhudza mtima, pokumbukira m'mene amayi obereka ana kumbuyo amathawira magalimoto m'misika ya kwathu.

Utakonzeka, pamabwera kudikira. M'chaka cha 2020 mayeso adaimitsidwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo kuchokera pamenepo mzere wa odikira udatalika kwambiri, kotero kuti ine ndidadikira miyezi 5 kuti ndipeze tsiku. Mtengo wa boma mu 2023 udali £62 pakati pa mlungu ndi £75 madzulo kapena Loweruka. Koma padabuka anthu ena ogula masiku a mayeso n'kumawagulitsa pa mtengo wowirikiza katatu kapena kanayi, monga amachitira mavenda a chimanga m'nyengo ya njala. Tidalangizana kuti tizilembetsa tokha pa tsamba la boma, ndipo tisapatse munthu wosamudziwa nambala ya chiphaso chathu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mayeso a pamsewu amatenga mphindi pafupifupi 40. Usanakwere n'komwe, woyesa amakuuza kuti uwerenge nambala ya galimoto ili pa mtunda wa mamita 20, ndipo ukalephera pamenepo mayeso athera pomwepo. N'chifukwa chake timauza mayi aliyense kuti ayambe wakapimitsa maso. Amakufunsa mafunso awiri a kasamalidwe ka galimoto, monga m'mene ungadziwire kuti mabuleki ali bwino. Amakuuza kuti uimike galimoto chobwerera m'mbuyo, ndipo kuyambira mu Disembala 2017 ambiri amauzidwa kutsatira kamakina kolozera njira kwa kanthawi, woyesa ali chete. Zolakwa zing'onozing'ono amakulekerera mpaka 15, koma cholakwa chimodzi chachikulu kapena choopsa ndiye kuti walephera, ndipo uyenera kudikira masiku 10 a ntchito usanayesenso.

Tsiku langa lidafika mu Okutobala 2023, m'mawa wa kamvula kowaza. Wondiyesa adali mayi wa imvi, wolankhula motsitsa. Adandifunsa dzina limene ndimafuna kuti azinditchula, kenaka tidanyamuka. M'manja mudali thukuta ngakhale kunkazizira, koma titadutsa raundabauti yoyamba mtima udakhala pansi, ndipo ndidangochita monga ndinkachitira ndi mphunzitsi wanga. Titabwerera adatseka kabuku kake ka pa kompyuta nandiuza kuti ndakhoza. Sindidathe kuyankha msanga. Ndidakumbukira mayi anga amene moyo wawo wonse adasenza mitolo pamutu kuchokera kudimba, ndipo misozi idangotsika yokha. Amuna anga adali panja pa mpanda ndi ambulera, ndipo ataona nkhope yanga adavula chipewa.

Si onse amene zimawayendera ulendo woyamba. Mwa anthu onse olowa mayesowa m'dziko muno, eni dziko omwe, okhoza safika theka. Mayi wina wa ku Dowa adalowa kasanu. Ulendo uliwonse akalephera tinkapita kwawo ndi ndiwo zophikaphika, osamufunsa zambiri, ndipo m'mawa mwake tinkamuthandiza kulembetsanso. Lero ndiye amene amanyamula anzake atatu popita ku ntchito ya usiku.

Amayi ena amene ndalama zidawachepera adayamba ndi njinga yamoto yaing'ono ija yotchedwa sikuta. Njira yake ndi yaifupi. Ukakhala ndi chiphaso cha wophunzira umachita maphunziro otchedwa CBT, amene adayamba mu 1990 ndipo kawirikawiri amatha tsiku limodzi, kuphatikizapo maola 2 oyenda pamsewu ndi mphunzitsi. Ukatero umaloledwa kuyenda wekha pa njinga yosapitirira 125cc kwa zaka 2, chilembo cha L chili pomwepo, chisoti chili kumutu. Koma sunganyamule munthu kumbuyo monga amachitira akabaza kwathu, ngakhale mwana wako yemwe, ndipo sungalowe mu motorway. Mnzathu wa ku Chipata wayenda nayo zaka ziwiri m'makomo a okalamba ake, ndipo amati mafuta ake ndi ochepa zedi, kungoti masiku a chisanu choundana amaisiya pakhomo n'kukwera basi.

Walira mvula walira matope. Laisensi ikabwera imabwera ndi katundu wake. Inshuwalansi ya dalaivala watsopano ndi yodula, ndipo mayi woyendera makomo a odwala ayenera kuwauza a inshuwalansi kuti galimotoyo amagwirira ntchito, apo ayi tsiku la ngozi adzamukana. Galimoto imene yakwanitsa zaka 3 iyenera kupimidwa chaka ndi chaka pa mayeso otchedwa MOT. Mwana ayenera kukhala pa mpando wake wapadera mpaka atakwanitsa zaka 12 kapena kutalika masentimita 135, motero za kufukata khanda pamiyendo m'galimoto kuno kulibe. Ndipo m'zaka 2 zoyamba, ukapatsidwa mapointi 6 a chilango laisensi imalandidwa, n'kuyambiranso mayeso onse awiri. Kugwira foni m'manja ukuyendetsa chilango chake ndi mapointi 6 omwewo ndi £200. Choncho inu a kumudzi, mukaimba foni mwana wanu osayankha, musafulumire kunena kuti wayamba kunyada. Mwina ali pa chiwongolero.

Ena kwathu amati mkazi akadziwa galimoto amayamba mwano ndipo banja siliona tsiku labwino. Ine zaka zimenezi ndaona amayi oposa theka la gulu lathu akulandira laisensi, ndipo sindidaonepo banja limene lidatha chifukwa cha chiwongolero. Chimene ndaona n'chakuti bambo wochokera ku ntchito ya usiku tsopano amagona mokwanira, chifukwa ana apita ku sukulu ndi mayi awo. Ndaona mayi akufika pakhomo 7 koloko m'malo mwa 9 koloko, n'kupeza nthawi yophika ndi yoona makope a ana. Mwanzathu akamwaliridwa ku Manchester kapena ku Nottingham timadzaza magalimoto awiri n'kukagona pa siwa monga mwa mwambo wathu, osadikira kuti abambo apeze tchuthi. Ulemu wa mkazi umachokera kumene adaleredwa, ndipo amene adali nawo poyenda pansi amakhala nawobe atakwera.

Tsono ndili ndi mawu awiri kwa inu amene muli kwathu. Oyamba ndi a inu amene mwana wanu kapena mng'ono wanu akukonzeka kubwera kuno mwa njira yovomerezeka. Ngati mpata ulipo, aphunziriretu galimoto konko ndi kutenga laisensi yoona, yolowera mayeso, pakuti idzamuthandiza miyezi 12 yoyamba, ndiponso manja ozolowera sadya ndalama zambiri kwa mphunzitsi. Akangofika ayambepo kukonzekera mayeso a kuno, asadikire mwezi wa 11. Achiwiri ndi a inu amene mumalandira thandizo kuchokera kuno. Mukamva kuti mwana wanu wayamba kuphunzira galimoto ndipo ndalama zimene amatumiza zachepa kwa miyezi ingapo, musamutumizire mawu olasa mtima kapena kumunenera kwa ankhoswe kuti waiwala kwawo. Akusula khasu limene lidzalimire inu nomwe. Mulimbikitseni, ndipo akalephera ulendo woyamba muuzeni kuti ayesenso.

Inunso amayi a ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi m'maboma monse, amene pakhomo panu pali galimoto kapena njinga yamoto koma makiyi ake simudawagwirepo, kambiranani ndi abambo mofatsa, pa nthawi yabwino, mutatha kudya. Matenda sapangana tsiku, ndipo tsiku lina amene adzafune kuthamangitsidwa kuchipatala usiku ndi dalaivala wa pakhomoyo. Ngati m'gulu mwanu muli banki m'khonde kapena chipereganyu, ikanipo nkhani imeneyi pa msonkhano ukubwerawu, muone ngati simungathe kutumiza mmodzi wa inu ku sukulu yoyendetsa galimoto chaka chino, wina chaka chamawa. Pang'onopang'ono ndi mtolo.